Owerenga a Wamazenera

Mzime atalemba mayeso omaliza, azakhali ake anamutenga kuti azisita zovala pa shopu yawo yochapira. Manja ankasita ndithu, koma mtima unali pamwamba pa nyumba zosanja, kumene munthu wina wotsuka mazenera ankalendewera pa chingwe, akatsika n'kulemba pa bulogu yake, tsamba la pa intaneti, zimene waona. Mzime sankamudziwa dzina, ngakhale nkhope yomwe. Ankangomutcha Wamazenera.

Munthuyo ankalemba za nkhunda zogona pa mapaipi, za mayi wina wa mu ofesi yam'mwamba amene ankavula nsapato n'kumavina yekha abwana akatuluka, za mvula imene iye ankaiona ikubwera anthu apansi asanaganize n'komwe zoanula zovala. Mzime akawerenga, nthunzi ya simbi inkasanduka mitambo, iye n'kumadziona atakhala pambali pake, miyendo ili lendelende, magalimoto pansi akuyenda ngati nyerere.

Koma Wamazenera analibe tsiku lolembera, ndipo Mzime kudikira sankakutha. Akasita kolala, atsegule tsambalo. Akapinda thalauzi, atsegulenso. Tsiku lonse zomwezo, ngakhale kuti nthawi zambiri ankapeza nkhani yadzana ija.

"Iwe Mzime!" anakuwa azakhali tsiku lina. "Malaya a eni ake akupsa uku ukumwetulira foni? Kodi ali m'menemoyo wakulonjeza ukwati?"

Achimwene ake, amene ankakonza mafoni pa kashopu koyandikana, anasuzumira pakhomo akuseka.

"Tabwera nayo kuno foniyo. Iwe, munthu sagogoda pakhomo pa mnzake tsiku lonse. Pali kapulogalamu kotolera nkhani, amati fidi. Ndikuikira tsamba lakelo m'menemu. Akangolemba chatsopano, kazikutengera kokha, foni n'kulira. Kupitako kwatha."

Zinakhaladi choncho. Foni inkagona phee m'thumba la epuloni, ikalira Mzime ankaitulutsa msanga n'kuwerenga nkhaniyo m'kapulogalamu komweko. Pa tsamba lenilenilo sanapondenso. Malaya analeka kupsa, azakhali anayamba kumuyamikira.

Koma nkhani za Wamazenera zinayamba kufupika, kenako kubwera patalipatali. Masana ena foni inalira, Mzime anawerenga ataimirira pakati pa mashiti onyowa:

"Kale pano pankabwera anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chowerengera alendo chinkandionetsa. Ndikakhala pa chingwe ndinkaganiza za khamu limenelo, ndipo ndinkayang'ana dziko ndi maso awo. Tsopano pakhomo pamera udzu. Sindikudziwa chimene ndinalakwa. Loweruka nditseka tsambali."

Mzime anazimitsa simbi, nathamangira kwa achimwene ake.

"Achimwene, ndikamawerengera m'kanthu kanu kaja, iye amaona kuti ndabwera?"

"Pa tsamba ngati lakelo, ayi. Kamangotenga mawu, iwe osaonekera."

"Nanga khamu akunenali lapita kuti?"

Achimwene anawerenga, anamuyang'ana, kenako anaseka mpaka kusiya kasikuludiraiva pa tebulo.

"Mlongo wanga, khamulo ndiwe! Unkamudzazira bwalo wekhawekha ndi chala chimodzi. Ndiye usalire, n'zosavuta. Yambiranso kugogoda kuja, aziona ngati anthu ake abwerera."

Mzime anabwerera ku simbi yake. Anatsegula tsambalo, kutseka, kutsegulanso. Zinali zosavuta zoonadi. Wamazenera akanapitiriza kulembera anthu amene kulibe, ndipo iye akanakhala wobisika pakati pawo mpaka kalekale. Apo m'pamene chala chinaima. Sankafuna kukhala khamu. Ankafuna kuti munthuyo akakhala m'mwamba muja aziganiza za iyeyo. Koma nanga akamva kuti owerenga ake onse ndi mtsikana mmodzi wosita zovala za eni, sadzatseka lero lomwe ndi manyazi?

Anapita pa malo a ndemanga, pamene munthu anali asanalembepo chiyambire.

"Simunalakwe kanthu. Anthu aja ndinali ine ndekha, ndinkalephera kudikira. Sindinachoke, ndimangowerengera kwina. Ndimasita zovala pansi pano. Ngati mmodzi akukwanirani, musatseke."

Anatumiza asanadzibweze.

Masiku otsatirawo foni inali duu. Loweruka Mzime anasita mulu wa makatani a hotela nkhope itagwa, mpaka azakhali anamugwira pamphumi kuti amve ngati watentha thupi. Akupachika katani lomaliza, m'thumba munalira.

Inali nkhani yatsopano, mutu wake: Kwa wosita zovala.

"Poyamba ndinakhumudwa, ndisakunamizeni. Kenako ndinaseka ndekha pa chingwe mpaka mnzanga anaganiza kuti mutu wazungulira. Ndiuzeni mtundu wa denga la shopu yanu. Lolemba ndikhala pamwamba kwambiri, ndilifunafuna, ndikuuzeni mmene limaonekera kuchokera kuno."

Mzime anatuluka panja, nawoloka msewu osayang'ana bwino, natembenuka. Denga lawo anali asanaliyang'anepo.

"Azakhali!" anaitana. "Ili ndi lofiira kapena ndi dzimbiri?"