Galu Wodya Mavu

Lenard ankasinja ngati mtondowo unamulakwira. Eveles anasuzumira pakhomo, mpango wa maliro uli kumutu, ndipo fungo la tsabola wa kambuzi linamulowa m'mphuno mpaka anayetsemula.

"Alamu, n'chiyani chimenecho mumtondo mwanga?"

"Chakudya cha galu," anayankha Lenard osatembenuka. "Mavu, tsabola ndi matumbo a mlamba. Mmene ankachitira achimwene."

Eveles anayang'ana pabwalo. Pansi pa mtengo wa mango panali asodzi anzake a malemu akusoka ukonde wa chilimira, makutu ali tcheru.

Mwamuna wake Mose anamira ndi mwera pochokera ku chilumba cha Mbenji, ndipo anali atangoikidwa kumene. Lenard, mng'ono wa malemuyo, anasiya mpunga wake ku Lifuwu kudzalira maliro, n'kutsalira kuti ayang'anire ukonde ndi mathandala oyanikapo usipa mpaka tsiku lometa. Za nyanja sankadziwa kanthu, koma mbiri ya galu wa mkulu wake ankaidziwa ngati wina aliyense padokopo. Mose anali munthu wa mawu ogunda, ndipo pagulu ankadziguguda pachifuwa: "Yesani wanga amadya mavu! Wofuna kuphunzira kuyenda ndi mwendo umodzi abwere." Akuba ankalambalala. Ngakhale anyamata a chipani a malaya ofiira aja, amene ankalowa khomo ndi khomo kufunsa makhadi n'kutuluka ndi dengu la nsomba ati mphatso ya msonkhano, kwa Mose ankaimira kumsewu n'kumafuula chapatali.

Linali bodza lamkunkhuniza. Kuuwa galuyo ankauwadi, mawu ake ngati a mbuye wake, koma chibadwire sanalumepo ngakhale nkhuku. Mose analumbiritsa mkazi wake kuti asadzauze munthu: "Ukangoulula, mawa lake pathandala sipatsala ngakhale mamba."

"Alamu," ananong'ona Eveles, "musamupatse zimenezo. Mumuphikire phala."

Lenard anaseka mpaka asodzi aja anadzutsa mitu. "Phala? Galu wa achimwene? Inu khalani m'nyumbamo muzilira. Zakunja kuno tisiyireni amuna."

Ndipo Eveles anabwerera pamphasa, chifukwa namfedwa saloledwa kugwira mphika kapena kuyendayenda asanamete. Mtima unkamuwawa koopsa.

Yesani anamangidwa pa unyolo kuseri kwa mathandala. Poyamba ananunkhiza mbale ya chakudya chija n'kuifulatira. Lenard anati njala imuphunzitsa, ndipo inamuphunzitsadi. Galuyo atadya, Eveles anamva kulira kumene anali asanakumvepo, galu akukwechesa mphuno mumchenga, akuzungulira mtengo mpaka unyolo kumukola pakhosi. Madzi Lenard ankamupatsa akakumbukira. M'masiku otsatira kuuwa kwa mawu aakulu kuja kunatha. Kunabwera kudzuma kwapansipansi, kosalekeza. Akasuzumira pazenera, Eveles ankaona nthiti zikuwerengeka, maso ali psuu, mchira umene unkakupiza fumbi uli pakati pa miyendo. Nkhuku ina inadutsa pafupi, panangotsala nthenga.

"Mwaona?" ananyadira Lenard. "Wabwerera m'chimake!"

Tsiku lometa lisanafike, dzuwa lili paliwombo, Lenard anatenga mbale ija akuimba mluzu. Anawerama kuti aiike pansi.

Kukuwa kwake kunamveka mpaka kunyanja. Yesani anamugwira pamkono, n'kumugwetsera chagada, akupukusa mutu uku ndi uku. Magazi anathovokera pa usipa wouma. Lenard ankamenya ndi chibakera, akupalasa mchenga ndi zidendene, koma mano anali atalowa mpaka pafupa. Asodzi anataya ukonde n'kutola nkhafi.

"Chiwewe! Iphani!"

Nkhafi yoyamba inagwera pamsana. Yachiwiri inathyokera m'nthiti. Galuyo anasiya mkono n'kuyesa kuthawa, koma unyolo unamubweza pakati pawo, ndipo anamuzungulira ngati akupuntha mpunga. Wina anabwera ndi mwala wa nangula.

Eveles sanadziwe kuti watuluka bwanji. Anangopezeka wadutsa pakati pa amunawo, chitenje chikukwekwereka, n'kudziponya pa galuyo. Nkhafi imene inali kale m'mwamba inamugwera paphewa, dzanja lonse linachita dzanzi.

"Lekani! Si chiwewe ichi!" anakuwa. "Mwamuwotcha m'mimba, mwamumana madzi, mukufuna akuthokozeni? Galu uyu sanadyepo mavu chibadwire! Amuna anga ankanama! Ankanama!"

Nkhafi zinaima m'mwamba. Chinsinsi chimene chinasunga pakhomopo zaka zonsezo chinali chitatayika masanasana, pamaso pa doko lonse.

A Binali, msodzi wachikulire wa kumzikiti amene ankakhala nyumba yoyandikana nayo, anatsitsa nkhafi yawo. Malinga ndi chipembedzo chawo, galu iwo sankamukhudza, ndipo anaima patali pang'ono. "Astaghfirullah," anatero, akupukuta nkhope ndi chikhatho. "Mayi, dzukani. Msana wathyoka uwo, safika madzulo."

"Amangireni mkono olumidwawo," anatero wina, ndipo anthu anathamangira kwa Lenard, okondwa kuti apeza poyang'ana pena. Anamukhazika pakhonde, n'kumukulunga ndi chitenje, akudikira njinga yomutengera kuchipatala ku Salima.

Eveles analunjika kukhitchini. Amayi ena a kumpingo anamugwira dzanja. "Simunamete inu, musagwire moto!"

"Amene ndikumulirayo akanaugwira," anayankha, n'kuwadutsa.

Anaphika kaphala ka madeya, kamadzimadzi, kopanda mchere. Anawotcha chambo chimodzi pamakala. Kenako anakakhala mumchenga wamagaziwo, anamasula unyolo ndi dzanja limene linkagwira ntchito, n'kugoneka mutu wa Yesani pamiyendo pake. Galuyo anaonetsa mano, akudzuma mofooka. Eveles sanasunthe. Anayamba kunyenya nsombayo ndi zala, akuchotsa minga umodziumodzi, yaing'ono yomwe ija ya m'mbali, n'kumaiika pamwala. Mnofuwo anausakaniza m'phala. Anatapa ndi chikhatho, anauzira, anagunditsa pamlomo pake kuti amve kutentha, anauziranso, kenako anatambasula dzanja.

Yesani ananunkhiza nthawi yaitali. Kudzuma kuja kunatha. Lilime lotupa linatuluka n'kunyambita, pang'onopang'ono. Miyendo yakumbuyo inali itafa kale, koma nsonga ya mchira inagwedezeka mumchenga.

Chithunzithunzi cha munthu chinamuphimba. Anali Lenard, mkono uli pachifuwa, nkhope itatuwa. Eveles anadikira kutukwanidwa. Koma maso a Lenard sanali pa iye, kapena pa galu. Anali pa timinga tondandalika pamwala tija.

"Munaziona kuti zimenezi, alamu?" anafunsa.

"Kwa achimwene anu. Ankamudyetsa chonchi m'mawa uliwonse, kuseri kuno, anthu asanadzuke."

Lenard anakhala pansi mumchengamo. "Amayi atamwalira ine ndinali wamng'ono," anatero. "Ndinkakana kudya. Achimwene ankandidyetsa choncho. Minga ankaiika pamwala kuti ndione kuti yatha."

Njinga inafika, belu likulira kumsewu. Lenard sanadzuke. Anakokera mbale ija pafupi, natenga chidutswa cha nsomba chimene chinatsala, n'kuyamba kufufuza minga ndi zala za dzanja limodzi.