Miyala m'Thewera la Kalisto

Lachitatu limenelo Imelda anadzuka kusanache. Anatunga madzi kawiri ku mjigo, anasinja mapira, anamangirira mbuzi, anasesa pabwalo. Kenako anakhala kuseri kwa nkhokwe n'kuyamba kusokerera miyala inayi m'thewera la mwana wake Kalisto.

Nzeruyi anaionera ku msika wa thonje ku Ngabu, kumene ena ankabisa miyala pakati pa thumba kuti lilemere. Mwezi wathawo ku sikelo, mzere wa pa khadi ya Kalisto unaloza pansi, azimayi n'kumanong'onezana za tsitsi lake lofiirira ndi mapazi otupa.

"Tsempho limeneli," anatero apongozi ake. "Mwamuna wako ali ku nzimbe ku Nchalo. Nanga watsempha mwanayu ndani?"

Imelda sanayende ndi mwamuna wina aliyense, koma mawuwo ankamutsata paliponse.

Lachitatulo, pansi pa mtengo wa mtondo, Mayi Otilia, mlangizi wa zaumoyo, anakoleka Kalisto pa sikelo. Muvi unathamanga.

"Mapaundi awiri mwezi umodzi! Azimayi, m'manja!"

Anaomba m'manja. Amene ana awo anatsika anawakhazika pa mkeka wapadera, pafupi ndi mphika wa phala, kuti aphunzire kaphikidwe n'kulandira kathumba ka ufa wa likuni. Imelda sanaitanidwe pa mkekapo.

"Mayi a Kalisto, imirirani," anatero Mayi Otilia. "Auzeni anzanuwa zimene mwakhala mukumudyetsa."

Imelda anaimirira, maso pansi.

"Phala."

"La chiyani?"

"La mapira."

"Mumathiramo chiyani?"

"Mchere."

Veronika, wa nyumba yoyandikana nayo, anaseka. "Mchere wanuwo tigawireniko, asisi! Wanga uyu wandithera mazira, koma sanakwere choncho!"

Kumsana Kalisto anayamba kulira, kadzanja kataloza mphika. Kulira kwake kunalibe mphamvu. Imelda anaganiza: sikelo idzabweranso pakapita milungu inayi. Milungu inayi ya phala lamadzi la mchere, ufa wa likuni utapita ndi anzake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Anamutsitsa mwanayo, anamasula thewera, analuma ulusi ndi mano. Miyala inagwa pansi, umodziumodzi.

Kenako phwete.

"Mayo ine!" anakuwa Veronika. "Mwana wasanduka thonje kodi? Agule pa giredi yanji?"

Nkhope ya Imelda inatentha kuposa dzuwa la masana. Anafuna nthaka itang'ambika. Koma sanathawe. Anapereka mwanayo ali maliseche.

"Muyezeninso, mayi."

Mayi Otilia sanaseke. Anamuyeza, ndipo muvi unaima pansi kuposa mwezi watha. Anadina phazi la mwanayo ndi chala, kadzenje n'kutsala.

"Onani nonse. Si tsempho ili ayi. Mimba ikudzaza, koma thupi silikupeza kanthu. Mtedza muli nawo?"

"Wa mbewu wokha."

"Masamba a sangowa, chammwamba uja?"

"Ali pa mpanda. Koma zija ndi ndiwo za osowa."

"Osowawo ndi ife tomwe. Yanikani pamthunzi, musinje. Matemba mukawapeza, musinjenso pamodzi ndi mitu yomwe. Supuni imodzi m'phala, katatu pa tsiku. Mbale yake ikhale yakeyake, asamalimbirane ndi akuluakulu. Khalani apo."

Imelda anakhala kumapeto kwa mkeka. Veronika anasendera, n'kumuponyera nsalu yake yakale kuti afunditse mwanayo.

"Mukanandiuza, asisi," ananong'ona. "Pakamwa panga ndi poipa, koma nkhuku yanga ikuikira."

Imelda ankayang'anitsitsa manja a Mayi Otilia, kuti asaphonye muyezo wa nsinjiro.

Tsikulo linamudyera zambiri. Thonje silinatoledwe. Thewera linang'ambika, ndipo anali nawo awiri okha. Theka la mtedza wa mbewu linalowa mu mtondo madzulo omwewo. Apongozi sanasiye kunena za tsempho, ndipo mpaka mvula kugwa, mudzi wonse unkamutcha Namiyala.

Kalisto anamaliza mbale yonse, n'kulirira ina.