Mbendera Zitatu, Mwamuna Ali Panyanja

Mbendera yachitatu itakwezedwa pamtengo wa pasukulu, Morjina anali wodwala pakati, mimba itakula kale, ndipo mwamuna wake Jobbar anali panyanja kukapha nsomba. Pachilumba cha Char Lotabunia palibe amene sadziwa tanthauzo la mbendera zitatu. Namondwe wayandikira, siyani zonse, pitani kunyumba yothawirako. Koma Jobbar pochoka anasiya mawu amene asodzi akuno amasiyira akazi awo: "Usachoke pakhomo mpaka ndibwere." Ndipo mkazi wakuno, abale inu, satuluka pakhomo mwamuna wake asanamulole, ngakhale denga likugwedezeka.

Anayesa kumuimbira foni, koma pakati panyanja foni siigwira. Kunja kunali kutentha kwachilendo, mbalame zonse zili zii. Morjina anagwira dzanja la mwana wake wamkazi, Tuni, n'kupita kukhonde kumene apongozi ake aamuna, a Toyeb Ali, ankasoka ukonde.

"Abba, mbendera zakwana zitatu," anatero chapansipansi, powaitana Abba, kutanthauza bambo.

"Ndaziona, Bouma. Maso ndikadali nawo," anayankha mkuluyo osadzutsa mutu, Bouma kutanthauza mkazi wa mwana wawo. "Chaka chatha zinakwananso zitatu. Tinakagona pasimenti titapanikizana ngati nsomba zoyanika, namondwe n'kudutsa kwina. Pobwera tinapeza abakha onse ataba. Lero ndisiye ng'ombe? Komanso mwana wanga anakuuza chiyani? Mpongozi wanga akagone pakati pa amuna achilendo, anthu adzati chiyani kumzikiti?"

Musawaone ngati munthu wankhanza a Toyeb Ali. Ndi iwo amene ankasiyira Morjina mutu wa nsomba pa chakudya, amvekere mwana ali m'mimbayo adyeko. Koma pa nkhani ya ulemu wa pakhomo pawo anali ouma ngati mtengo wa ngole. Morjina anabwerera m'nyumba. Ankaopa madzi, ankaopanso kuswa mawu a mwamuna wake, ndipo sankadziwa kuti choopsa kwambiri n'chiti.

Posakhalitsa kunamveka chimkuzamawu kumsewu wa pachitunda chotchinga madzi. Anali mayi Sokhina a nyumba yoyandikana nayo, mmodzi wa anthu odzipereka amene boma linawaphunzitsa za namondwe. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wapakamwa posachedwa. Tsikulo sanavale sari, nsalu yaitali yokulunga thupi imene amayi akuno amavala. Anavala buluku ndi malaya aatali, tsitsi atalimanga nganganga, kawailesi kolankhulirana kali pachifuwa. Kumbuyo kwawo kunali njinga ya matayala atatu yonyamula anthu.

"Toyeb Bhai!" anakuwa ali pachipata, Bhai kutanthauza achimwene. "Mudzi wonse wasamuka, inu muli pheee kusoka ukonde. Mukufuna mukole namondweyo?"

"Pita uko ndi chiphokoso chakocho, Sokhina. Ukugonthetsa ng'ombe yanga."

"Ng'ombe yanu ili ndi nzeru kuposa mwini wake. Taioneni mmene ikukokera chingwe." Kenaka anasuzumira m'nyumba. "Morjina, mwanawe, tuluka. Njingayi ndi ya amayi oyembekezera ndi okalamba. Pakhomo pano alipo onse awiri."

"Azakhali, bambo a Tuni sanandilole," anatero Morjina, misozi ili lengelenge.

Mayi Sokhina asanayankhe, kawailesi kanachita phokoso. Anali bwana Mahbub, amene ankayendetsa ntchito yonse ali kuofesi ya boma kutsidya la mtsinje. Kuyambira dzulo lake iwo ndi amene ankalumikiza onse: a zanyengo, apolisi, a zaumoyo, a zausodzi, ndi odzipereka a pachilumba chilichonse.

"Lotabunia, mukundimva? Kwanuko kwatsala ndani?"

"Kwatsala khomo limodzi, bwana. Kuli mayi woyembekezera, mwana, ndi gogo wouma mutu."

"Ndipatseni gogoyo ndilankhule naye."

Mayi Sokhina anawayandikizira kawailesiko. A Toyeb Ali anakayang'ana mokayikira, koma anatchera khutu.

"Bambo, ndimakulemekezani, choncho sindikunamizani," anatero bwana Mahbub. "Chaka chatha namondwe anakhotera kwina, n'zoona, ndipo tinathokoza Mulungu. Wa lero sakukhota. Afika madzulo ano madzi a m'nyanja atakwera kale, ndipo chitunda chanucho sichiwatchinga. Chikukuletsani n'chiyani? Nenani, tione."

"Akuba," anatero mkuluyo.

"Alonda a m'mudzi akhala akuzungulira mpaka mphepo itawathamangitsa. Ikawathamangitsa iwo, ndiye kuti wakubanso wathawa."

"Nanga ng'ombe?"

"Kuseri kwa sukulu tinaunjika chulu chachikulu cha ziweto. Za anzanu zili kale kumeneko."

"Mpongozi wanga sangagone ndi amuna."

"Amayi ali ndi chipinda chawo pamwamba, ndi chimbudzi chawo. Mzamba tamutumiza m'mawa, ali komweko."

Apa Morjina analephera kupirira. Anayandikira, nsalu ataikokera kumaso. "Bwana, nanga bwato la Jobbar?"

Bwana Mahbub anayankha mosabisa. "Mayi, a zausodzi akhala akuitana mabwato onse kuyambira dzulo. Ambiri alowa m'mitsinje ya m'nkhalango kukabisala. La amuna anu sitinalimve. Tikamva, ndikuuzani. Koma ngati ali moyo sangafike pakhomo panu lero. Musamudikire. Ndipo bambo, njinga imene yaima pachipata panuyo akuidikiranso kumapeto kwa mudzi wina, kuli gogo wosayenda. Mukachedwa inu, mwachedwetsanso iyeyo."

Mawu anali omveka, koma a Toyeb Ali anangopukusa mutu. "Zonsezo ndamva. Koma mawu a mwamuna ndi mawu. Jobbar anati asachoke."

Mayi Sokhina anaika chimkuzamawu pansi. Anakhala pakhondepo, ndipo nthabwala zonse zinawathera.

"Bhai, Fulbanu ankadikira ndani?"

Fulbanu anali mkazi wa a Toyeb Ali, mayi ake a Jobbar. Morjina sanawaonepo. Ankangodziwa kuti anapita ndi madzi Jobbar ali wamng'ono, ndipo pakhomopo dzina lawo silinkatchulidwa kawirikawiri.

"Inu munali kumsika kutsidya," anapitiriza mayi Sokhina. "Ine ndinabwera pakhomo pomwe pano, ndinamukoka dzanja. Anandipatsa Jobbar kuti ndithawe naye, iye n'kunena kuti bambo ake a mwanayu sanandilole. Tinakamupeza m'munda wa mpunga, sari yake itakulungika kumtengo waminga. Simunalakwe inu, simunalipo. Koma lero mulipo. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, Bhai."

Singano inagwa m'manja mwa mkuluyo. Mphepo inali itayamba kupinda mitengo ya nthochi, ndipo lata lina linkagunda padenga.

Morjina anamva mwana akutakataka m'mimba. Anayang'ana Tuni, amene anali atagwira nsalu yake. Chikwatiwireni anali asanatsutsepo apongozi ake, koma tsikulo anagwada patsogolo pawo n'kulankhula.

"Abba, ndikhululukireni. Ine ndikupita ndi anawa. Jobbar akadzandikalipira, adzandikalipire ndili moyo."

A Toyeb Ali anamuyang'ana. Kenaka anaimirira pang'onopang'ono, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya ukonde.

"Jobbar ndi mwana wanga, ndinamubereka ndine," anatero. "Ndalola ine. Pita, Bouma. Akadzafuna wokalipira adzayambe ine."

"Ndiye zimenezo!" anakuwa mayi Sokhina, pakamwa patabwereranso. "Tiyeni, mwachangu. Morjina, vula sariyo, vala buluku. Sari m'madzi ndi chingwe chokumanga wekha. Tsitsinso ulikulunge, lisakakole m'nthambi. Bhai, kumbani dzenje pabwalopo."

Anatenga chidebe chokhala ndi chotsekera, n'kuikamo mpunga wouma, shuga, machesi ndi mapepala a banja, ndipo anachikwirira pansi kuti adzachipeze pobwera. Morjina ndi Tuni anakwera njinga. Mkulu uja anakana kukwera, amvekere ng'ombe siidziwa munthu wina, ndipo anaitsogolera yekha mpaka pachulu. Mayi Sokhina anadina kawailesi kaja.

"Bwana, Lotabunia yatha. Njinga ikubwera."

"Zikomo, mayi. Ipite msanga kwa gogo uja."

Sukuluyo, imene inalinso nyumba yothawirako, inamangidwa pamizati yaitali ya simenti. Mzamba analandira Morjina pamakwerero, n'kumupatsa malo pafupi ndi khoma m'chipinda cha amayi. Pakhonde kawailesi sikankapuma. Uku bwana Mahbub akutumiza bwato kuchilumba china, uku akufunsa ngati madzi akumwa akwanira, uku akuuza alonda kuti basi, lowani tsopano. Morjina anaona ndi maso ake kuti mutu umodzi susenza denga. Munthu mmodzi anali kuofesi, koma manja ake anali anthu a pachilumba chilichonse.

Namondwe anafika dzuwa lisanalowe. Kalanga ine, mphepo yake! Inkalira ngati sitima, ndipo madzi anadutsa pansi pa sukuluyo atanyamula madenga, mitengo ndi mabwato. Anthu anapemphera, ana analira, koma palibe amene madzi anamukhudza.

Kutacha, a Toyeb Ali anatsika kukaona. Ng'ombe anaipeza pachulu, yonyowa koma yamoyo. Pakhomo pawo anapeza matope okhaokha ndi mzati umodzi wopendama. Anafukula chidebe chija, n'kubwerera nacho kusukulu. Anangomusisita Tuni pamutu.

Masana bwana Mahbub anafika pabwato ndi madzi akumwa, mpunga ndi mankhwala. Anali munthu wochepa thupi, maso ofiira ndi tulo, wosiyana ndi mawu ake a pawailesi. Anthu atasonkhana anati, "Ife tikhoza kutumiza njinga, azamba ndi alonda, koma sitingalowe m'nyumba mwanu kukakunyamulani mokakamiza. Ntchito yathu imatheka inu mukatuluka. Pachilumba chino sitinataye munthu, chifukwa nonse munamvera." Kenaka anafunsa kumene kunali mkazi wa Jobbar, n'kumuuza kuti bwatolo lapezeka litabisala m'nkhalango, anthu onse ali moyo.

Morjina anakhala pansi n'kulira ndi chimwemwe. Koma kamtima kena kankamuluma. Adzati chiyani akadzamupeza kuno?

Jobbar anafika tsiku lotsatira. Atatsika m'bwato sanafunse munthu, anathamangira kunyumba kwake. Atapeza matope ndi mzati uja, anagwa pansi n'kuyamba kukumba ndi manja, akuitana dzina la mkazi wake ndi la mwana wake. Mayi Sokhina, amene ankayendera makomo kuona zowonongeka, ndi amene anamupeza.

"Iwe Jobbar, ukukumba nkhanu? Anthu ako ali kusukulu, akudya mpunga."

Anathamanga matope ali thupi lonse. Morjina atamuona pamakwerero anaimirira, mutu ataweramitsa.

"Ndinaswa mawu anu," anatero. "Ndinachoka musanandilole."

A Toyeb Ali anabwera kudzaima pakati pawo. "Ndinamulola ndine. Ngati uli ndi mawu, lankhula ndi ine."

Jobbar anayang'ana bambo ake, anayang'ana mkazi wake, ndipo ngakhale anali mwamuna wamkulu, analira pamaso pa mudzi wonse, osachita manyazi.

"Mawu anji, Abba? M'nkhalangomo sindinkaopa mafunde ayi. Ndinkaopa pakamwa pangapa. Nthawi yonseyo ndinkangopempha Mulungu chinthu chimodzi, kuti mkazi wanga asandimvere."

Amuna amene anali pakhondepo anayang'ana pansi, pakuti ambiri a iwo anali asodzi, ndipo mawu omwewo anawasiyaponso m'makomo mwawo. Patapita masabata ochepa Morjina anabereka mwana wamwamuna, m'kanyumba katsopano ka nsungwi.

Phunziro lake ndi losabisika. Chenjezo la namondwe likaperekedwa, mverani odzipereka a m'dera lanu ndipo pitani kumalo othawirako nthawi yomweyo, chifukwa amene akuyendetsa ntchitoyo ali ndi anthu enanso owadikira. Amuna, kambiranani zimenezi ndi mabanja anu kunja kukadali bata. Ndipo inu amayi, kuti mupulumutse moyo wanu ndi wa ana anu simufunika chilolezo cha munthu aliyense.