Failo Yabuluu M'dirowa Yapansi

Muofesi onse ankamutchula kuti Nesi, ngakhale anali atasiya ntchito ya m'chipatala. Tsopano ankawerenga mapulani a maunduna onse, kaya a misewu, a sukulu kapena a misika, n'kulemba m'kabokosi kapansi ngati sangadwalitse anthu. Mafailo ankawabweza tsiku lomwelo. Kachipinda kake kanalibe zenera, munali fani yokha yolira ngati njuchi.

Lolemba kunabwera failo yabuluu. Malole a miyala azidutsa mumsewu wafumbi wakuseri kwa msika, kumene ankakhala mayi ake a Nesi, omwe mphumu inkawagwetsa munthu akangosesa pakhomo. Pansi pa pulaniyo panali siginecha ya Injiniya.

Za chibwenzi cha Nesi ndi Injiniyayo palibe ankadziwa. Ankakumana masana pamasitepe akumbuyo onunkha penti, ndipo mphete yake Nesi ankaivala m'khosi, mkati mwa bulauzi.

"Waiwerenga?" Injiniya anafunsa Lachitatu, akumupatsa theka la lalanje.

"Ndikuwerengabe."

"Masamba asanu okhawo, adokotala? Makalata anga umamaliza usanakhale n'komwe pansi." Anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Ndi pulani yanga yoyamba. Akaikana, anditumiza kutali kukayeza ngalande."

"Nanga amayi?"

"Apongozi angawo tidzawagulira makatani okhuthala."

Nesi sanaseke. Akasaina, atsamwitsa mayi ake. Akakana, athamangitsa mwamuna yemwe ankamulota masana ndi maso otsegula. Anakhomera failoyo m'dirowa yapansi, kiyi n'kumangirira pamodzi ndi mphete ija. Bola ili mmenemo, ankadziuza choncho, malole sayenda ndipo chikondi sichitha. Akamva mapazi pakhonde ankayang'ana dirowa ija, koma palibe anabwera kudzaifunsa.

Lachiwiri lotsatira, Mlembi wa komiti yovomereza mapulani, mayi wachikulire wamagalasi pamphuno, anasuzumira pakhomo.

"Watipeputsira ntchito, mwanangu. Za malole zija zadutsa."

"Zadutsa bwanji? Failo ili ndi ine."

"Ife tili ndi kope lathu. Sanakuuze? Failo ikagona kwa azaumoyo sabata yathunthu popanda ndemanga, ndiye kuti avomereza."

"Ndilembe pompano, amayi."

"Udzalemba chaka chamawa, powunikanso."

Pamasitepe anapeza Injiniya akusenda lalanje.

"Unkadziwa za sabata yathunthu?" Nesi anafunsa.

Injiniya anayang'ana khoko lomwe linali m'manja mwake. "Ndimaganiza kuti wachita dala. Kuti wasankha ine."

Foni ya Nesi inalira. Anali mayi ake, mawu akutuluka pang'onopang'ono, mpweya ukulira ngati kawenzulo.

"Mwanangu, kwabwera anthu akukhoma zikhomo kutsogolo kwa nyumba. Akuti muzidutsa malole. Ndawauza kuti asavutike, mwana wanga ndi amene amaona za umoyo m'boma, sangalole. Ndanama?"

Nesi anagwira pachifuwa. Kiyi ndi mphete zinali zitakolana mkati mwa bulauzi.

"Halo? Ukundimva, mwanangu?"

"Ndikukumvani, amayi. Tsekani mawindo."