Loweruka Lomaliza la a Namalomba

A Namalomba anapempha kamodzi kokha. Linali tsiku lachitatu chifikireni ku Amereka, mu Epulo 2006, mwana wawo Sosten akuwazunguliritsa m'tauni ya Indianapolis pa galimoto. Akudutsa pa mlatho wina, mkuluyo anasuzumira pansi n'kulankhula mosakweza mawu.

"Ndinamva kuti kuno mabaji amayenda m'mitsinje, pakati pa tauni penipeni. Ukadzapeza mpata udzandionetseko."

"Zimenezo n'zosavuta, bambo," anatero Sosten, maso ali pamsewu. "Tipulana."

Tipulana! Mawu amenewa apha maulendo ambiri kuno.

Bambowa anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri pa thagi, kasitima kakang'ono koma kamphamvu, kamene kankakoka mabaji, maboti aakulu onyamula katundu opanda injini, odzaza simenti ndi feteleza, pa nyanja kuchoka ku Chipoka mpaka ku Chilumba. Atapuma ntchito anakakhala kwawo kwa akazi awo ku Chiradzulu, kumene madzi ambiri omwe ankaona anali a pa mjigo. Mayiwo atamwalira, ana awiri, Sosten wa ku Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis, ndi mlongo wake Joan wa ku South Bend, tauni ina yakumpoto, onse anamwino, anagwirizana zowaitana kuti adzapumeko miyezi isanu ndi umodzi. Tikiti yobwerera inali ya pa 9 Okutobala, ndipo aliyense ankadziwa kuti pa msinkhu wawowo ulendo wachiwiri sudzakhalapo.

Tisamunamizire Sosten, anayesapo kamodzi. Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi anawatengera ku mtsinje wa White River. Anapeza madzi osaya, abakha, ndi mzungu wina atagona pa mpando mbedza ili m'madzi. Pa ngalande ya pafupi anthu ankapalasa timabwato ndi miyendo ngati njinga. A Namalomba anayang'ana nthawi yaitali, manja ali kumbuyo.

"N'zokongola," anatero.

Mawa lake Sosten anafunsa anzake ku ntchito, ndipo namwino wina dzina lake Belinda anamuseka. Anamuuza kuti mu Indianapolis mulibe baji ngakhale imodzi, koma akatsika ndi msewu wakumwera maola awiri okha akafika pa mtsinje wa Ohio. Kumeneko munthu amakhala pa benchi m'mbali mwa madzi n'kumaonerera thagi imodzi ikuyenda ndi mabaji khumi ndi asanu. Sosten atawafotokozera bambo ake, mkuluyo anaika kapu ya tiyi pansi.

"Khumi ndi asanu? Thagi imodzi? Iwe, bodza!"

Anaseka mpaka kutsokomola. Aka kanali koyamba Sosten kuwamva akuseka chimwalirireni mayi ake, ndipo mumtima analumbira kuti Loweruka likubweralo apita.

Koma inu, Amalawi a kuno mumawadziwa. Kholo la munthu likafika kuchokera kumudzi, silikhalanso la mwini wake, limasanduka la onse. Banja lililonse limafuna kulandira mlendoyo pakhomo pake, ndipo kukana n'kunyoza. Loweruka loyamba anaitanidwa ku Lawrence, dera lina la m'mphepete mwa Indianapolis. Loweruka lachiwiri kunali ubatizo wa mwana. Loweruka lachitatu Sosten anali pa shifiti, lachinayi amayi ena anadandaula kuti, "Kodi ife tinalakwanji, kapena nyumba yathu n'njaing'ono?" Ndiye ankapita. A Namalomba ankavala jekete yawo yotuwa, kupatsidwa mpando wabwino koposa pabalaza, mbale yodzaza nkhuku ndi mpunga, kenako n'kuiwalika. Anthu ankakangana za ndale za kumudzi, za mapepala, za mabwana ovuta ku ntchito. Aliyense ankawatchula kuti bambo ake a Sosten, ndipo panalibe amene anawafunsapo ntchito imene ankagwira.

Mu Julaye anapita ku South Bend ku chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu, n'kukhala masabata atatu kwa Joan. Iye naye anawatengera ku mtsinje wa kumeneko, ndipo anakapeza damu ndi achinyamata ovala zipewa zolimba akusewera m'timabwato tapulasitiki. Joan anamuimbira foni mchimwene wake.

"Achimwene, bambo aja sakunena, koma zikuwadya. Ingowatengerani ku Ohio kuja pa galimoto, maola awiri n'chiyani?"

"Ndikudziwa, ndaskejula kale," anayankha Sosten. Sanali ataskejula chilichonse.

Chimene chinkamupusitsa n'chakuti mkuluyo sanakumbutsepo. Bambo wa msinkhu umenewo sapempha mwana wake kawiri, makamaka akukhala m'nyumba ya mwanayo ndi kudya za mpongozi. Sosten ankadziwa zimenezi bwino lomwe, koma ankasankha kumva ngati chete uja akutanthauza kuti nkhaniyo yazizira. Ogasiti anadutsa, Seputembala naye n'kudutsa.

Litatsala Loweruka limodzi, manyazi anamugwira. Anasinthana shifiti ndi mnzake, anathira mafuta, ndipo mkazi wake Upile anagula zoti akadye pa njira. Lachitatu madzulo anawauza bambo ake kuti Loweruka m'mawa, seveni koloko, akunyamuka kupita ku Ohio. Mkuluyo anangogwedeza mutu, koma mawa lake Upile anawapeza akusita okha malaya.

Lachinayi lomwelo, dzuwa likupendeka, kunafika a Dixon, wapampando wa gulu la mapemphero la Amalawi. Sanaimbe foni, anabwera okha kuchokera ku Lawrence, ndipo mwa ife umenewo ndi ulemu waukulu. Atapereka moni anatikita manja.

"Bambo, sitingakusiyeni muchoke ngati wakuba. Loweruka takonza kamwambo kotsanzikana nanu. Azimayi a m'gulu agula kale mbuzi ku famu, abusa nawo avomera kubwera."

Apa ndi pamene Sosten analakwa. Akanatha kunena yekha kuti Loweruka pali ulendo, mwambowo usunthidwe kapena uchitike madzulo. Mwana ndiye amakanira kholo lake, kuti kholo lisaoneke lamwano. Koma anaganiza za miseche imene ikanayenda, yoti Sosten masiku ano amadzimva, wakana mbuzi ya gulu chifukwa chokaonerera madzi. Anatembenukira kwa bambo ake, mlendo ali pompo.

"Kaya bambo, inu mukuona bwanji? Paja Loweruka timati tipite kumtsinje kuja."

A Namalomba anamuyang'ana mwana wawo, osati mokwiya ayi, kungomuyang'ana. Kenako anamwetulira kwa a Dixon.

"Aa, madzi ndi madzi, ndinawaona okwanira. Anthu atikonzera, tikana bwanji? Tibwera, bambo. Zikomo kwambiri."

Mlendo atapita, Upile anamukokera mwamuna wake kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Inu a Sosten, munthu wamkulu mungamufunse zimenezo pamaso pa amene wamuitana? Mumafuna ayankhe kuti chiyani?"

"Ndimafuna asankhe okha."

"Bodza. Yankho mumalidziwa kale. Mwawabisalira kumbuyo bambo anu."

Zinali zoona. Loweruka anadya mbuzi, anaimba nyimbo, analankhula anthu asanu ndi awiri, ndipo mkuluyo anapatsidwa wotchi ya pakhoma ndi bulangete. Lamulungu anadiraiva kupita ku South Bend kuti bambo akatsanzikane ndi Joan. Lolemba m'mawa Sosten ndi bambo ake anakwera sitima ya pamtunda yopita ku Chicago, kumene kunali ndege.

A Namalomba anakhala kuwindo, chikwama cha pasipoti atachikumbatira pachifuwa. Anadutsa minda ya chimanga chouma, kenako mafakitale azitsulo ofuka utsi. Sosten ankayang'ana wotchi n'kumawerengera nthawi yofikira ku bwalo la ndege. Atayandikira Chicago, sitimayo inachepetsa liwiro n'kukwera mlatho wachitsulo. Mwadzidzidzi mkuluyo anaimirira, chikwama chija n'kugwera pansi.

"Sosten! Sosten, taona!"

Pansi pawo panali mtsinje wakuda, wopanikizika pakati pa milu ya miyala ndi nyumba zosungira katundu. Pakati pake pankayenda mabaji awiri odzaza mchenga, omangidwa pamodzi, ndipo kumbuyo kwake kunali thagi yofiira, madzi akuwira kumchira kwake.

"Ikukankha!" anakuwa a Namalomba, chipumi chili pagalasi. "Sikukoka ayi, ikukankha! Ndiye chifukwa chake imodzi imatha mabaji khumi ndi asanu! Taona mmene waikira mphuno, taona, akufuna kukhota. Iii, munthu uyu amadziwa ntchito!"

Anthu m'sitimamo anacheuka. Mkuluyo sanawaone n'komwe. Anasunthira pa windo lotsatira, kenako linalo, akugwira mipando, kuithamangira thagi ija cham'mbuyo pamene sitima inkapita kutsogolo. Mlatho unatha. Kunabwera khoma, kenako mitengo. Zonse pamodzi sizinakwane ngakhale theka la mphindi.

Anaimabe pamenepo kwakanthawi, akuyang'ana mitengoyo. Kenako anabwerera pang'onopang'ono, n'kukhala pansi akupuma mofulumira, maso atanyowa. Sosten anawatolera chikwama chija. Ankafuna kunena kuti pepani, kuti masabata onse aja anali nawo m'manja, kuti benchi ya ku Ohio akanakhalapo tsiku lathunthu mpaka kutopa nazo. Asanatsegule pakamwa, bambo ake anamugwira dzanja ndi manja onse awiri, ngati mmene munthu amathokozera wamkulu.

"Kani unasankha njira ino dala," anatero. "Unkadziwa kuti tidutsa pamenepa. Zikomo mwanawe. Ndaona."

Sosten sankadziwa n'komwe kuti panjirapo pali mtsinje. Anawayang'ana bambo ake, ndipo sanathe kuzindikira ngati akukhulupiriradi zimene ananenazo kapena akungomuvundikira manyazi, monga anachitira pamaso pa a Dixon. Kuwafunsa sakanatha, ndipo kukana kukanakhala kuwalanda kochepa komwe anapeza.

"Inde, bambo," anatero.

Mkuluyo anagwedeza mutu, n'kutembenukiranso kuwindo. Mpaka kukafika mu Chicago sanachotse maso pagalasipo, kudikira ngati pangakhale mlatho wina.