Manyowa a Bambo Hilario

Uthenga unamupeza Otilia ali pamsika wa Ngabu, akusankha tomato. Atangouwerenga anakuwa mpaka mayi wogulitsayo anadzidzimuka.

Otilia anali patchuthi kuchokera ku yunivesite, kumene kwa chaka chathunthu ankafufuza tizilombo tosaoneka ndi maso timene anatitapa mumulu wa manyowa wa bambo ake, a Hilario, mlimi wa thonje. Pakati pa muluwo pamatentha moti dzira limapsa, koma tizilomboto ndiye pamene timaswana bwino. Puloteni ina ya tizilomboti inamuzunguza mutu. Akaichotsa m'tizilombo ta m'manyowa n'kuitenthetsa, inkagwirabe ntchito. Akaipangitsa mu labu pogwiritsa ntchito tizilombo wamba, inkangoundana ikamva moto. Komatu inali puloteni yomweyomweyo!

Tsopano Geresomo, mnzake wa mu labu, anali atalemba kuti: "Makina aonetsa! Ya m'manyowa ndi yolemererako. Yamatidwa tizidutswa ta kemikolo m'malo asanu, inayo ilibe. Bwera ndi manyowa ena otentha kuti titsimikize."

Apo m'pamene Otilia anakumbukira. M'mawa umenewo anasiya bambo ake akumanga ng'ombe pangolo, akuti mvula yayandikira, manyowa onse apite kumunda lero.

Anadumphira pakabaza. "Achimwene, palasani ngati mwaona ng'ona!"

Wakabazayo anaseka n'kuwerama. Fumbi linali koboo, mbuzi zikubalalika m'njira, dzuwa likuswa mtengo. Atafika, anapeza theka la mulu litapita kale, a Hilario ali ndi fosholo m'manja.

"Ababa, imani! Chonde imani!"

"Kwagwanji, mwanawe? Wamwalira ndani?"

Otilia anathamangira m'nyumba, natuluka ndi fulasiki ndi kachipangizo kake koyezera kutentha. Anagwada pandowe ndi siketi yake yoyera, n'kuyamba kufukula ndi manja. Pamwamba panali pozizira. Anafukulabe mpaka chigongono chinalowa, kenako nthunzi inatuluka ndipo zala zinamuwotcha.

"Madigiri makumi asanu ndi awiri! Tilipo, ababa, tili moyo!"

A Hilario anatsamira fosholo. "Ndani ali moyo m'ndowe zanga?"

Otilia anafotokoza uku akudzaza fulasiki, mawu akuphana pakamwa. Anati tizilomboto tikamaliza kupanga puloteni sitiisiya choncho. Timaimata tizidutswa tina m'malo osankhika, ndipo mwina n'tizidutswa timeneto timene timaigwira kuti isaphwasuke pamoto.

"Ngati mmene timalimbitsira denga ndi luzi mphepo isanabwere?" anafunsa bambowo.

"Ndendende! Koma ndati mwina. Tikufuna tikatichotse tizidutswato, tione ngati idzafooke."

A Hilario anayang'ana mitambo yakuda cha kuphiri, nayang'ana mwana wawo, amene anali mbuu mpaka kumaso. Munda unkadikira manyowa amenewo. Anakanda kumutu nthawi yaitali, kenako anaitana mkazi wawo.

"Veronika! Bweretsa lona lija. Theka ili ndi la sukulu, lisanyowe."

"Takhuta, ababa, zikomo kwambiri!" Otilia anavina pomwepo, fulasiki ili kukhwapa.

Masana omwewo anakwera minibasi yopita ku Blantyre. Anthu ankatseka mphuno n'kutsegula mawindo. Kondakitala atamufunsa chimene wanyamula, Otilia anayamba kufotokoza, ndipo pofika pamlatho wa Shire theka la minibasi linali likutsutsana za tizilombo tokonda moto.