Chigaza Chovala Tayi Yofiira

Fulansisi ankadyera burashi yojambulira zithunzi. M'Chipata monse, ukaona ng'ombe yonenepa pakhoma la butchala kapena mitu yometedwa bwino pakhomo pa ometa, dziwa kuti ndi dzanja lake. Ntchitoyo inamuphunzitsa chinthu chimodzi: chokongola anthu amangochidutsa. Ajambule duwa, palibe wocheuka. Koma ajambule ng'ona italuma mwendo wa munthu, magazi ali chuchuchu, uone amayi akutseka mwana m'maso, eni ake maso ali tong'o. Anthufe kaya tinalengedwa bwanji!

Chaka cha 1994 ndicho chinamulanda mlongo wake, Yosefina. Mwamuna wa Yosefina anali Clement, kalaliki wa pa ofesi ina m'tauni, munthu wosayenda popanda tayi yake yofiira. Ataona kuti mkazi wayamba kutsokomola ndi kuwonda, anamukweza pa vaneti ngati thumba la chimanga chofumbwa n'kukamutula kwa amayi a mkaziyo ku Chiparamba. Ati akachire kwawo. Kuchira kwake kuti? Matendawo anawatola ndi Clement yemweyo m'mabala a mowa a kumalire ku Mwami, aliyense ankadziwa. Fulansisi ndi amayi ake, a Sesiliya, ndiwo anamusambitsa Yosefina ndi kumutembenuza pamphasa mpaka anatsirizika. Pamaliro Clement sanapondepo, ngakhale nsalu yokulungira mtembo osatumiza. Kwa anzake ankati kuchimuna kulibe mlandu, akwawo kwa mkaziyo ndi afiti, adyana okhaokha.

Udzu usanamere pamanda, kunamveka kuti Clement akukwatira Fortunate, mwana wa aphunzitsi, ukwati woyera wa kutchalitchi. Fulansisi anapita kukawachenjeza aphunzitsiwo. Anamuimika pageti ngati wogulitsa makala, n'kumuuza kuti nsanje ndi tchimo. Anabwerera mtima ukuwira, akulumbira pali Yosefina kumanda kuti ukwati umenewo suchitika.

Mwayi unabwera wokha. Bungwe lina la zaumoyo linamupatsa khoma lalitali pafupi ndi msika kuti ajambulepo chenjezo la Edzi.

"Chikhale choopsa, bambo," anatero mayi amene anamulemba ntchitoyo. "Anthu achite mantha."

"Musade nkhawa, mayi. Achita."

Anatchinga khomalo ndi masaka n'kumagwira ntchito kuseri, osalola munthu kusuzumira. Loweruka m'mawa atachotsa masakawo, msika wonse unaima. Pakhoma panali chimunthu chotalika kuposa chitseko, khungu litakanirira pamafupa, maso atalowa m'kati, ntchentche zili waa pamapewa. Mkono umodzi chinali chitautambasulira kwa mtsikana wovala velo. Koma m'khosimo, tayi yofiira! Khutu lamanzere lopindika, dzino lakutsogolo lobenthuka, ndi kumwetulira kwa mbali imodzi kumene akazi a m'tauni ankakudziwa bwino. Dzina sanalembepo. Likanagwira ntchito yanji?

"Mayo ine! Si a Clement awa?" anakuwa mayi wina wogulitsa tomato, ndipo anthu anafa nacho chikhakhali.

Mbiri inathamanga. Ena anapalasa njinga kuchokera ku Chipangali kudzangoona. Madalaivala a malole opita ku Mwami ankaima kaye, kupukusa mitu, kulavula, koma osachokapo. Ana ankathawa akulira, kenako n'kubwerera kudzawerenga nthiti.

Clement anafika thukuta lili kamukamu. "Alamu, n'chiyani chimenechi? Ndikumangitsani!"

"Pamlandu wanji, alamu?" anafunsa Fulansisi akutsuka burashi. "Ine ndajambula matenda. Kapena mwaonapo wina amene mukumudziwa?"

Akanakhala wanzeru akanangoseka nawo n'kumapita. Koma ayi, anathamangira ndowa ya laimu, dzuwa lili paliwombo, n'kuyamba kupaka nkhope ya chithunzicho ndi manja ake, tayi yofiira ikulendewera m'ndowa. Chitsiru chinadziulula chokha! Pagululo panali Fortunate, basiketi yogulira ndiwo ili m'manja. Anayang'ana khoma, anayang'ana munthu, anatembenuka n'kumapita. Lamulungu lotsatira kutchalitchi sanalengezenso za ukwati, ndipo ankhoswe anakabweza mawu.

Fulansisi anakondwa, tisabise, anakondwa mpaka kuimba mluzu. Lolemba anapala laimu uja n'kubwezeretsa nkhope monga inalili. Ali pomalizitsa dzino lobenthuka, anamva kuti kumbuyo kwake anthu akhala chete. Atacheuka anaona amayi ake, fumbi la ku Chiparamba lili m'miyendo, korona ali m'khosi. Mluzu unathera pakamwa. A Sesiliya anali mayi wa mapemphero, wosafuna ngakhale kumva mwana akutukwana nkhuku.

Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kunkhope sanalabadireko. Anayandikira n'kugwira zala zoonda za pakhomapo.

"Manja awa ndi a Yosefina," anatero motsitsa. "Mawondo awanso ndi ake."

Fulansisi anazyolika. Zinali zoona. Thupi lotha chonchi sanalionepo pafupi kwina kulikonse koma pamphasa ya kwawo. Nthiti zimene ana ankawerenga, zimene msika wonse unkaseka, zinali za mlongo wake. Manyazi anamugwira, misozi ili lengelenge.

"Ndifafanize, amayi?"

"Ufafanize?" A Sesiliya anamuyang'ana ngati wawatukwana. "Ndayenda mtunda wonsewu kuti udzafafanize? Iwe wamukomera mtima munthuyu. Mlongo wako m'kamwa munali zilonda zokhazokha, ankalira pomeza madzi. Ndiye uyu wamusiya akumwetulira?"

Anamanga chitenje mwamphamvu, anawerama n'kunyamula chitini cha penti wofiira, nachitula m'manja mwa mwana wawo.

"Tsegula. Ndikuuza ndine pamene zinali."